Njira ya Mizinga: Masiku Khumi Kuchokera ku Nsanje Mpaka ku Karonga

Lolemba, Nsanje ndi Chiromo

Tikutsata njira imene nsalu, onga, mizinga ndi asilikali ankadzera popita kusitolo ya kampani ya African Lakes ku Karonga. Sitoloyo inatsegulidwa mu 1884, pamtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera kunyanja ya mchere mukamatsata madzi. Funso lathu ndi limodzi: malo akutali choncho ankawateteza bwanji, ndipo chitetezocho chinkaduka pati?

Tayambira kuno chifukwa dzina lakale la Nsanje, Port Herald, linachokera ku sitima yankhondo. Herald ndi inzake Mosquito zinapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Britain ndipo zinalowa mu Zambezi mu 1890. Zinali zapansi pophwatalala, zokhala ndi gudumu lopalasa madzi kumbuyo, ndipo mbali yake yomira m'madzi sinkafika mita imodzi. Gudumu lakumbuyo lili ndi ubwino pamtsinje ngati Shire: thupi la sitima limalitchinga ku zitsa ndi mitengo yoyandama, komanso sitima ikatsakamira pamchenga ikhoza kubwerera chafutambuyo n'kudzikokolola. Anazipanga m'zigawozigawo zoti chilichonse chiyandame pachokha, amisiri n'kumazilumikiza ndi mabawuti zili pamadzi pomwepo, popanda doko lokonzerapo.

Chaka cha 1889 chisanafike, katundu yense ankatsikira ku Quelimane, m'manja mwa Apwitikizi, n'kukwera mtsinje wa Kwakwa m'mabwato, kenako n'kusenzedwa pamutu kukafika ku Zambezi. Aliyense wogwira Quelimane ankagwiranso khosi la Karonga. Zinthu zinasintha Daniel Rankin atalengeza mu 1889 kuti mathiriro a Chinde ndi akuya mokwanira kuti sitima yochokera kunyanja ya mchere ilowe. Pa 11 Januwale 1890 Britain inaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake kudera la Shire, ndipo pangano la 1891 linatsegula Zambezi kwa sitima za mayiko onse n'kupatsa Angerezi kachigawo ka lendi ku Chinde.

Ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, kunali malo osungirako zipangizo za sitima ziwirizi. Wofuna kufikako kuchokera ku Bangula afunse kaye za madzi, pakuti chigumula cha 1997 chinadula njanji pamalowa ndipo derali limasefukira kawirikawiri. Vuto la mtsinjewu ndi lomwe lija: dzinja madzi ambiri koma osadziwika njira, chilimwe mchenga pena paliponse.

Lachiwiri, Chikwawa, Kapichira ndi Blantyre

Apa ndi pamene mphamvu ya Herald ndi Mosquito inkathera. Kuyambira pa Kapichira kukafika cha ku Matope, Shire ndi mathithi okhaokha, ndipo palibe sitima ingakwere. Sitima za kumunsi zinkaima pa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Chilichonse chopita kunyanja chinkatsitsidwa pamenepo n'kukwera phiri pamitu ya amtengatenga.

Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera pafupifupi makilogalamu 25. Nambala imeneyi ndiyo inkalamulira kapangidwe ka sitima iliyonse yopita kunyanja yathu. Mmisiri wa ku Britain ankayamba waimanga yonse ndi mabawuti, n'kulemba nambala pa lata lililonse ndi nthiti iliyonse, kenako n'kuiphwasula. Zidutswa zosatheka kuchepetsa, monga mbali za boyila ndi mtanda wa injini, ankazimangirira pamtengo n'kusenza anthu angapo, kapena kuzikoka pangolo. Chidutswa chimodzi chikagwera m'chigwa kapena nambala ikafufutika ndi mvula, ntchito yonse inkaima miyezi kudikira china. Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inadutsa motere mu 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young, itasenzedwa ndi anthu mazanamazana, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala chaka chomwecho. Pambuyo pake inakhala m'manja mwa kampani.

Mukakwera msewu wokhotakhota wa ku Chikwawa pagalimoto n'kumamva injini ikulira, kumbukirani kuti mizinga yoyamba ya Angerezi imene inakaombedwa ku Karonga inakwera mtunda womwewu pamapewa a anthu amene mayina awo sanalembedwe paliponse.

Madzulo tinafika ku Mandala. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndipo inali likulu la kampani imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a John. Chofunika kudziwa n'chakuti iyi inali kampani ya malonda yokhala ndi ndalama zochepa, osati boma. Inalibe asilikali. Phindu lake lenileni linali minyanga ya njovu, ndipo minyanga yambiri ya ku Karonga inkagulidwa kwa amalonda achiswahili omwewo amene pambuyo pake kampani inamenyana nawo.

Lachitatu, Matope, Liwonde mpaka Mangochi

Tsiku la msewu. Pa Matope ndi pamene katundu ankabwereranso m'madzi. Chigawo chino cha Shire chinali ndi sitima yakeyake yankhondo, Dove, kasitima kakang'ono ka magudumu opalasa. Nyanja ya Malombe ndi yosaya ndiponso yamatope, ndipo pamene Shire amatulukira m'nyanja yaikulu pamakhala mchenga wotchinga. Madzi akatsika, sitima yodzaza inkayenera kupungulidwa katundu kuti idutse. Kuyambira cha mu 1915 mpaka m'ma 1930 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka bwinobwino, njira yonseyi n'kufa. Lero madziwa amawongoleredwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965.

Choncho panali zigawo zinayi: mtsinje wa kumunsi, phiri, mtsinje wa kumtunda, nyanja. Chilichonse chinkafuna chombo chakechake ndi anthu akeake, ndipo mdani sankafunika kugonjetsa zonse. Kutseka chimodzi kunali kokwanira.

Lachinayi, Mangochi

Mponda, mfumu yachiyao, ankadziwa zimenezi. Mudzi wake unali pakamwa penipeni pa nyanja, ndipo sitima iliyonse inkadutsa pamaso pake. N'chifukwa chake Harry Johnston, atangokhala Kamishinala wa Britain m'dziko lino mu 1891, anamanga linga tsidya lina la mtsinje moyang'anizana ndi mudziwo n'kulitcha Fort Johnston. Tauni inasamutsidwira pamalo apano mu 1897. Asilikali ake oyamba anali Amwenye pafupifupi 70, ambiri a iwo achi Sikh, motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire, ndipo ndalama zoyendetsera boma, mapaundi 10,000 pachaka, zinkachokera ku kampani ya Cecil Rhodes.

Zimene zinachitikira Maguire mu Disembala 1891 ndizo zinabweretsa sitima zankhondo panyanja. Iye anakwera Domira, sitima ya malonda ya kampani, kupita kugombe la Makanjira, mfumu ina yachiyao, kukaotcha ngalawa zamatanga ziwiri. Anatsikira m'madzi ndi asilikali ake, mphepo n'kuyamba, anthu a Makanjira n'kutulukira ambiri. Pobwerera anawomberedwa asanakwere sitima. Chingwe chinakulungika pa pulopela, Domira n'kutsakamira pamchenga pamalo oti zipolopolo zochokera kumtunda zinkafika. Inakhala pamenepo masiku. Dokotala Boyce ndi injiniya McEwan anaitanidwa kumtunda kuti akakambirane ndi kutenga mtembo, ndipo anaphedwa komweko.

Zolakwika zake zikuoneka poyera. Sitima ya katundu imamira kwambiri m'madzi ndipo singayandikire gombe losaya. Malo ake anali osapimidwa kuya. Panalibe sitima yachiwiri yoti ikoke inzake kapena kuwombera poteteza otsika. Ndipo chingwe chosiyidwa lendelende kumbuyo kwa sitima ya pulopela imodzi chimasandutsa sitimayo chitsa.

Mu 1893 Pioneer ndi Adventure zinayamba kuyenda panyanja. Nazonso zinali za Yarrow, zolemera matani 35 iliyonse, zotalika mamita pafupifupi 23. Mawu oti sitima yankhondo asakupusitseni: zinali zazing'ono kuposa mabwato ena a usodzi amene mumawaona masiku ano, ndipo mwera ukalimba zinkathawira kodikha. Ntchito yake inali kusaka ngalawa zamatanga, kuperekeza sitima zonyamula asilikali, ndi kuwombera gombe anthu asanatsike. Chaka chomwecho mudzi wa Makanjira unagwa ndipo pamalopo panamangidwa Fort Maguire.

Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi ya 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga wa Hotchkiss wochokera pa Guendolen, sitima yaikulu ya matani pafupifupi 340 imene inalumikizidwa konkuno n'kuyamba ntchito mu 1899. Paliponso chikwangwani cha anthu 145 amene anamira ndi Vipya pa 30 Julayi 1946. Kunyumba yosungiramo mbiri ya nyanja, m'nyumba yakale ya kalabu ya azungu, kuli chifanizo cha mbali yakutsogolo ya Guendolen. Imani pamenepo muone kuchepa kwa malo amene woombera mzinga ankagwiriramo ntchito.

Lachisanu, Monkey Bay ndi panyanja

Monkey Bay ndi doko lobisika pakati pa mapiri, ndipo madoko otere ndi owerengeka panyanja ya makilomita pafupifupi 580. N'chifukwa chake asilikali apamadzi a dziko lino amakhala pano mpaka lero. Ilala yapanoyi inayamba kuyenda mu 1951 ndipo nayonso inabwera m'zidutswa kuchokera kwa Yarrow. Nthawi zambiri imanyamuka Lachisanu n'kukafika ku Chilumba Lamlungu, koma funsani kudoko musanakonze ulendo.

Ilala ya lero imayendera dizilo. Za kale zonse zinkadya nkhuni, ndipo nkhani ya chitetezo panyanja inali nkhani ya nkhuni. Malasha kunalibe. Nkhuni zimatenga malo ambiri koma moto wake ndi wochepa, kotero sitima yaing'ono sinkatha kunyamula zokwanira ulendo wonse. Inkaima pamalo odziwika pamene anthu a m'midzi ankadula ndi kuunjika nkhuni, n'kulipidwa nsalu. Nkhuni zikakhala zaziwisi kapena zonyowa, nthunzi inkachepa m'boyila, liwiro n'kutsika, nthawi zina pamene mphepo ikukankhira sitima kumiyala. Mfumu ya pamalopo ikakwiya n'kuletsa anthu ake kudula, sitima inkatumiza amalinyero ake kumtunda ndi nkhwangwa, ndipo pamenepo ndi pamene ankagwidwa mosavuta. Sitima yokhala ndi mzinga inkadalira mayi wosenza mtolo wa nkhuni kugombe.

Mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Umayenda utali wonse wa nyanja, ndiye mafunde ake amakula akamafika kumpoto. Kwa wopita ku Karonga ndi mphepo yakumbuyo. Kwa wobwerera kukatenga thandizo ndi khoma.

Loweruka, Nkhotakota

Sitima imaima patali, anthu n'kutsikira m'maboti, chifukwa gombe ndi losaya. Asilikali a 1893 ankatsikanso chomwechi. Nkhotakota unali mudzi wa Jumbe, mfumu yachiswahili, mwini ngalawa zamatanga zowolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya. Johnston sanamenyane naye. Anapangana naye mu 1889, ndipo mu 1893 sitima zatsopano zija zinamuthandiza kugonjetsa Chiwaula, nduna yake imene inamuukira. Kumeneko sikunali kukonda Jumbe. Kunali kugula doko la pakati pa nyanja ndi nkhuni zake pamtengo wotsika kuposa nkhondo. Jumbe atamwalira mu 1894, womulowa m'malo sanakhalitse. Anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar.

Lamlungu, Nkhata Bay mpaka Chilumba

Dera la Atonga ndilo linapereka asilikali ambiri a kampani, makamaka ochokera cha ku Bandawe. Kuchokera pa Nkhata Bay kupita kumpoto mapiri amagwera m'madzi mwachindunji, nyanja n'kuya mpaka mamita 700, ndipo malo oponya nangula ndi ochepa.

Chilumba ankaitcha Deep Bay. Kufunika kwake kunali kwakuti pano ndi pamene mabwato ankawolokera kupita ku Amelia Bay, kutsidya la ku Tanzania ya lero, ndipo onga ndi mfuti za Mlozi, wamalonda wachiswahili amene anamenyana ndi kampani ku Karonga, zinkadzera njira imeneyi. Kampani inaikapo kagulu ka alonda, ndipo Richard Crawshay anakhalapo nthawi yaitali. Koma bwato lowoloka usiku simungaligwire ndi anthu ochepa okhala pachitunda. Njirayi inayamba kutsekeka pamene kutsidyako kunakhala Ajeremani: pangano la 1 Julayi 1890 linaika malire pa mtsinje wa Songwe, ndipo mu 1893 Hermann von Wissmann anamanga Langenburg n'kuika panyanja sitima yotchedwa dzina lake.

Ilala imathera pano. Ku Karonga tipita pamsewu, makilomita pafupifupi 70, ndipo chifukwa chake ndi phunziro la mawa.

Lolemba, Karonga

Pitani kugombe m'mawa muyang'ane kumanja ndi kumanzere. Ndi mchenga wautali wotseguka, wopanda chotchinga mwera. Ku Karonga kulibe doko lachilengedwe. Sitima inkaima patali kapena kukabisala cha ku Kambwe, kumpoto pang'ono, katundu n'kumatsika m'mabwato. Malowa sanasankhidwe chifukwa cha madzi ake koma chifukwa cha msewu: apa ndi pamene pankayambira msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika, umene James Stevenson wa ku Glasgow anaperekera mapaundi 4,000. Amalonda anasankha pamene minyanga imatsikira, asilikali n'kudzapeza kuti ndi malo ovuta kuwateteza.

Woyang'anira sitolo anali Monteith Fotheringham, amene anthu ankamutcha Montisi. Amalonda achiswahili Mlozi, Kopakopa ndi Msalema anamanga malinga awo cha ku Mpata, m'mbali mwa North Rukuru, pamsewu womwewo. Poyamba anali makasitomala. Mu 1887 mkangano wawo ndi Ankhonde, anthu a Kyungu, unasanduka nkhondo. Mlozi anagwiritsa ntchito Ahenga amene anathawira kuno, n'kudzitcha Sultani wa dziko la Ankhonde. Mu Okutobala chaka chimenecho Ankhonde ambiri amene anabisala m'mabango a ku Kambwe anatenthedwa ndi moto, othawira m'madzi n'kukumana ndi ng'ona. Otsala anathamangira kusitolo.

Kumapeto kwa Novembala sitolo inazingidwa masiku asanu. Mkati munali azungu ochepa, owerengeka ndi zala, kuphatikizapo Henry O'Neill, kazembe wa Britain ku Mozambique, ndi Alfred Sharpe, amene panthawiyo anali mlenje wa njovu. Linga lawo linali khoma lalifupi lomangidwa mofulumira, mbali ya kunyanja ili yotseguka. Mbali imeneyo inawapulumutsa ku ludzu, chimene chimagonjetsa malinga ambiri. Koma khoma lalifupi siliteteza kwa munthu wowombera ali pamwamba, ndipo owazinga anakwera m'mitengo ndi padenga n'kumawombera chotsitsa, moti am'kati anakumba maenje mumchenga kuti abisalemo.

Nanga sitima inali kuti? Ilala inali itatsitsa anthu n'kubwerera kummwera. Inali sitima yokhayo ya kampani panyanja, yonyamula makalata, katundu wa amishoni ndi wa kampani nyanja yonse, ndipo inalibe mzinga. Amene anapulumutsa Karonga anabwera wapansi: J. L. Nicoll anapita kumpoto kukapempha thandizo, n'kubwera ndi Anyakyusa zikwi zingapo a mikondo, ndipo owazinga atamva anachoka. Ngakhale zinatero, azunguwo anaisiya sitolo kwa kanthawi n'kusamukira kumpoto kwa anzawowo.

Boma la Britain linakana kutumiza asilikali. Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain, anaona kuti sangamenye nkhondo kudera limene khomo lake lili m'manja mwa Apwitikizi. Ndiye kampani inalemba ganyu aliyense wopezeka. Frederick Moir anavulazidwa mkono mu Epulo 1888. Frederick Lugard, kaputeni amene anali patchuthi, anafika mu Meyi, ndipo mu Juni anatsogolera azungu pafupifupi 20 ndi anthu akuda pafupifupi 300 kukaukira linga la Kopakopa. Pokwera khoma chipolopolo chimodzi chinamupyoza mikono yonse iwiri ndi pachifuwa, gulu lonse n'kubwerera.

Anaitanitsa mzinga woponya chipolopolo cholemera mapaundi 7. Apwitikizi anauchedwetsa kugombe, ndipo unafika ku Karonga kumayambiriro kwa 1889. Sunathandize, ndipo chifukwa chake tikachiona ku Mpata. Lugard anachoka mu Malichi. Mu Okutobala 1889 Johnston anapangana mtendere ndi Mlozi, malinga onse ali chiimire.

Kunyumba ya chikhalidwe ndi mbiri ya kuno, imene inatsegulidwa mu 2004, anthu ambiri amathamangira mafupa a Malawisaurus. Chigawo cha mbiri ya Ankhonde ndi nkhondo zimenezi chikuyenera nthawi yofanana.

Lachiwiri, Mpata

Mpata ali pamsewu wa ku Chitipa, makilomita osakwana 20 kuchokera m'tauni. Malinga anali a mitengo ndi dothi, ndiye musayembekezere makoma oimirira. Pezani munthu wa m'deralo kudzera kwa amfumu kuti akulozereni malo, ndipo yang'anani mmene malowo akhalira pakati pa mtsinje ndi njira.

Kamangidwe kake kanali kotere. Mizere iwiri ya mitengo yozikidwa pansi, yomatidwa dothi lochindikala, pakati pake mpata woti munthu ayendemo, pamwamba denga la dothi. M'makoma munali timabowo towomberera. Woteteza ankakhala pamthunzi, osaoneka, pamene woukira ankadutsa pabwalo loyera. Moto sunkagwira msanga chifukwa udzu unali wochepa kunja. Mzinga wa Lugard unkaboola khoma lotere kabowo kakang'ono, chipolopolo n'kupitirira kukaphulikira kutali, ndipo usiku eni ake ankamata bowolo ndi dothi. Khoma la njerwa limagumuka likamenyedwa. La mitengo ndi dothi limangolola chipolopolo kudutsa. Mzinga umodzi wokhala ndi zipolopolo zowerengeka, zimene chilichonse chinakwera phiri la Chikwawa pamutu, sukanatha kanthu.

Kusiyana kwa Disembala 1895 sikunali kulimba mtima. Kunali kayendedwe. Pofika nthawiyo Mponda, Makanjira ndi mafumu ena achiyao a kummwera anali atagonjetsedwa, choncho Johnston akanatha kuchotsa asilikali kumeneko osaopa kumbuyo. Anasonkhanitsa asilikali achi Sikh pafupifupi 100 ndi asilikali akuda pafupifupi 300. Sitima zake zankhondo sizikanawanyamula onse, ndiye anagwiritsa ntchito Domira n'kubwerekanso Hermann von Wissmann kwa Ajeremani. Onse anafika pamodzi, mwadzidzidzi, nyengo ya mvula imene Mlozi sankayembekezera nkhondo, asanaitane anzake a kumtunda. Mizinga inali ingapo, yoyang'aniridwa ndi Percy Cullen, mkulu wa sitima zankhondo, ndipo inakokedwa ndi anthu m'matope kuchokera kugombe.

Malinga a Msalema ndi Kopakopa anagwa msanga. La Mlozi analizinga mbali zonse kuti asatuluke munthu, n'kumaponya mabomba m'kati mwa mudzi, pa nyumba, m'malo molimbana ndi khoma. Am'kati atatopa anatuluka kuti athyole mzere wa owazinga, ndipo asilikali anawabweza n'kulowa nawo limodzi. Mlozi anapezeka m'chipinda cha pansi pa nyumba yake ndi Sajeni Bandawe, Mtonga. Anaweruzidwa pamaso pa mafumu a Ankhonde n'kupachikidwa pa 4 Disembala 1895. Akapolo oposa 500 anamasulidwa. Anthu ambiri anafa m'lingamo ndi pothawa, ndipo si onse amene anali ndi mfuti.

Tinene mosabisa. Kwa Ankhonde kugwa kwa Mlozi kunali mpumulo weniweni. Koma anadikira zaka zisanu ndi zitatu kuchokera pa Kambwe, ndipo nthawi yonseyo chimene chinkatetezedwa poyamba chinali sitolo ndi msewu. Sitima zomwezo zimene zinathetsa ngalawa za akapolo zinayamba kunyamula okhometsa msonkho wa nyumba, mashilingi atatu pachaka, kupita kumidzi ya m'mbali mwa nyanja imene kale boma silinkaifikira.

Lachitatu, Karonga, kumanda a asilikali

Mu 1914 sitima ija imene Johnston anabwereka inasanduka chiopsezo. Karonga ali pafupi ndi Songwe, ndipo msewu wabwino wochokera ku Zomba kunalibe. Asilikali akanafika pamadzi pokha, ndipo sitima yodzaza anthu ndi chandamale chosavuta kwa mzinga ngakhale umodzi. Choncho lamulo loyamba la nkhondo linali lakuti Hermann von Wissmann ipezeke.

Kaputeni Edmund Rhoades ananyamuka ndi Guendolen n'kuipeza pakati pa mwezi wa Ogasiti ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe. Zipolopolo za Guendolen zinali zakalekale, zambiri sizinaphulike, ndipo woombera anali wogwira ntchito m'sitolo amene anaphunzirako za mizinga kale. Chimodzi chinamenya. Zimakambidwa kuti Kaputeni Berndt, mnzake wa Rhoades wa pa mowa, anapalasa boti kudzamufunsa ngati waledzera, pakuti uthenga wa nkhondo unali usanamufike. Angerezi anachotsa mzinga wa sitimayo ndi zigawo za injini n'kumapita. Sanaiwononge kotheratu, ndipo anayenera kubwereranso mu Meyi 1915 kudzamaliza ntchitoyo.

Nyanja itatseguka, Guendolen, Chauncy Maples ya amishoni ndi sitima zina zinatutira kuno asilikali a King's African Rifles motsogozedwa ndi Kaputeni C. W. Barton. Pa 8 Seputembala Barton anatuluka kupita kumpoto kukakumana ndi Ajeremani, ndipo magulu awiriwa anaphonyana m'tchire usiku. M'mawa wa pa 9 Ajeremani anafika paboma la Karonga, pamene panatsala kagulu kochepa, n'kuliwombera maola angapo. Barton anamva kulira kwa mizinga kumbuyo kwake, n'kutumiza gulu lobwerera, ndipo masana magulu akuluakulu anagundana pa Kasoa. Ajeremani anagonja n'kubwerera kutsidya kwa Songwe atataya mizinga ndi maofesala angapo. Patsikulo palibe sitima imene inawombera. Ntchito yake inali itatha pamene inatsitsa anthu ndi mabokosi a zipolopolo pamchenga uja.

Manda ali m'tauni momwemo, ndipo Angerezi ndi Ajeremani a nkhondo ya tsikulo agona malo amodzi, mayina awo ali pamiyala. Asilikali akuda a mbali zonse ziwiri anafa ambiri kuposa azungu. Kuchokera pano nkhondo inapita kumpoto, ndipo zaka zinayi zotsatira katundu wotsika m'sitima ku Karonga ndi madoko ena ankapitirira pamitu ya amtengatenga zikwizikwi olembedwa mokakamiza m'maboma onse a Nyasaland. Basi yobwerera ku Mzuzu imanyamuka m'mamawa, ndipo imadzera pa Chitimba, pafupi ndi pamene Vipya inamira, isanayambe kukwera Chiweta.